Buku la Ged lili m'dirowa ya ahedi

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindikambapo zambiri, anzanga a m'malaibulale a sukulu mukuzidziwa: kudinda madeti, kulondola mabuku obwerekedwa teremu yatha, kumata zikuto ndi tepi wogula ndi ndalama za m'thumba mwanga. Kompyuta idafa kalekale, tidabwerera ku kaundula wolemba pamanja. Ndikapempha mabuku a nthano, yankho ndi lomwe lija: ndalama zapita ku mabuku a mayeso.

Lachitatu masana kunabwera mnyamata wa zaka 14 amene ali ndi chipsera cha moto kuyambira patsaya mpaka m'khosi. Masiku onse amakhala pakona, tsaya lopsalo atalozetsa kukhoma. Amabweza A Wizard of Earthsea, buku la Ursula K. Le Guin la mu 1968. Tili nalo limodzi lokha, masamba ake ayamba kuthothoka. Ndikuti ndidinde, iye anati, "Madamu, chipsera cha Ged chija sichinachoke eti?"

Kwa amene simunaliwerenge, Ged ndi mnyamata wophunzira matsenga pachilumba cha Roke. Chifukwa cha matama anatulutsa chithunzithunzi choopsa, chomwe chinamukanda kumaso n'kuyamba kumusaka. M'dziko la nthanoyi, ukadziwa dzina lenileni la chinthu ndiye kuti wachigonjetsa, koma ichi dzina lake palibe ankalidziwa. Ged anathawathawa mpaka mphunzitsi wake Ogion anamuuza kuti atembenuke, ayambe kuchisaka iyeyo. Atakumana nacho kumathero a nyanja anachiitana ndi dzina lake lomwe, Ged, ndipo awiriwo anasanduka mmodzi.

"Ine ndimadikira kuti achipha, kenako nkhope ichira," anatero mnyamatayo. "Koma ayi. Ndipo taonani Madamu, mnzake Vetch ankamukonda chomwecho, anamuperekeza mpaka kumapeto, koma sizinakwane. Zinafunika adzitchule yekha." Anakhala chete pang'ono, akupalasa m'mphepete mwa tebulo ndi chala. "Ine pagalasi sindiyang'anapo."

Bukuli ndaliwerenga katatu, koma za Vetch zija sindinaziganizepo choncho. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akulankhula nane atandiyang'ana maso ndi maso, masaya onse awiri poyera. Chibwerere pasukulupo anali asanachitepo zimenezo.

Lachinayi m'mawa ahedi anandiitanitsa. Akuti kholo lina ladandaula kuti kulaibulale tikusunga mabuku a ufiti. Anali atatuma kale munthu kukachotsa buku la Ged lija pa shelefu ine ndisanafike. Ndinafunsa kuti, "Bwana, mwaliwerenga?"

"Mayi, nthawi ndiitenga kuti? Mawu ali pachikutowa akukwanira. Tisapute makolo."

Tonse tikudziwa mmene dandaulo la buku liyenera kuyendera: lilembedwe, bukulo liwerengedwe, anthu akhale pansi akambirane. Apa panalibe kalata, panalibe msonkhano. Ndinayesa kufotokoza kuti nthanoyi ikudzudzula mwana wosewera ndi mphamvu zimene sakuzimvetsa, kuti kholo lomwelo litaliwerenga likhoza kugulira mwana wake. Anangotsegula dirowa, kuponyamo, kukiya. Ndinatuluka mtima uli phuphuphu. Chondiwawa n'chakuti anthu omwewa pamsonkhano wa aphunzitsi ndi amene amalira kuti ana a masiku ano sawerenga.

Lachisanu denga linadonthanso, ndiye m'mawa wonse unathera pokoka mashelefu ndi kuyanika madikishonale pawindo. Ana ataweruka, mnyamata uja anabwera. Amafuna The Tombs of Atuan, lotsatira lake, lomwe sitinakhalepo nalo. Ndiye anati ndimubwerekenso loyamba lija, akufuna kubwereza mutu womaliza. Ndinaganiza zomunamiza kuti wina walibwereka, koma ndinamuuza zoona. Anangoti "Chabwino Madamu," n'kukakhala pakona pake paja.

M'kaundula, pamzere wa bukulo, ndalemba kuti lili kwa ahedi. Pa deti lobwezera ndasiya posalemba.