Nditakweza Hilux, chiwongolero chinasiya kumvera

Hilux yanga ndi ya 2012, ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Ntchito yake ndi kukatenga soya ndi mtedza m'midzi ya ku Mchinji ndi ku Ntchisi. Dzinja likafika misewu ya kumeneko imakumbika m'mbali, pakati n'kutsala chitunda chimene chimakhula galimoto kumimba. N'chifukwa chake ndinaitanitsa lift kit (zida zokwezera galimoto) ya mamilimita 50 kuchokera ku Johannesburg: masipuling'i ndi mashoko a kutsogolo, masipuling'i olimbirako a kumbuyo, mabushi ndi ma U-bolt atsopano omangira masipuling'i a kumbuyo ku ekiselo. Ndinasinthanso matayala, kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17. Kukhula kwa kumimba kuja kunatheratu, koma pa tala galimoto inasintha khalidwe.

Pa M1, liwiro likangodutsa 80, inkalowera kumanzere, ukaibweza n'kulowera kumanja, moti manja sankapuma. Chiwongolero chinapepuka mochititsa mantha. Ukakhota pakona sichinkabwerera chokha pakati, unkachita kuchibweza wekha. Tayala limodzi likagunda bampu, mutu wa galimoto unkadzikhotera pang'ono, ndipo thiraki ikakudutsa mphepo yake inkakukankhira kunja kwa mzere. Pamwamba pa zonsezi, chiwongolero chinali chopendekera kumanja ngakhale pamene galimoto ikuyenda molunjika. Amene anamanga kitiyo anandiuza kuti alayimenti, ntchito yowongola kaimidwe ka matayala, anapanga, koma pepala losonyeza manambala analibe.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire amene wakhala akugwira ma Toyota kwa zaka zambiri. Sanathamangire sipanala. Anakwera nane, anagwira chiwongolero yekha, n'kumandifunsa kuti chimene ndikudandaula ndi chiti kwenikweni: kukoka mbali imodzi, kupepeluka, kapena kunjenjemera. Izi ndi nthenda zosiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ukangonena kuti "siteringi yavuta", akugulitsa chilichonse chimene chili pashelefu.

Tinayamba ndi zosalira ndalama. Matayala atsopano aja anali opopedwa kwambiri, ndipo tayala louma chotero limagwira msewu ndi pakati pokha, galimoto n'kumadumphadumpha. Tinaphwetsa mpaka pa mlingo wolembedwa pachikwangwani cha pachitseko. Kenako tinasinthanitsa matayala awiri a kutsogolo, lakumanzere kupita kumanja, kuti tione ngati kukokako kusinthe mbali. Kukasintha, vuto ndi tayala. Sikunasinthe. Madalawo anandikumbutsanso kuti kuno timayenda kumanzere ndipo msewu umapendekera kumanzere kuti madzi azitsika, choncho kukoka pang'ono kwa mbali imeneyo si chilema. Poyesa galimoto pamafunika malo athyathyathya.

Atatero anaikweza pa jeke. Anagwira tayala mbali ndi mbali n'kuligwedeza, ine nditagona pansi ndi tochi. Lakumanja linali nganganga. Lakumanzere linkachita kho kho pang'ono, ndipo dzanja langa litagwira labala yophimba rack end, ndodo yamkati imene imakankha tayala ukakhotetsa chiwongolero, ndinamva chitsulo chikugunda mkati. Anagwiranso pamwamba ndi pansi kuti amve mabering'i, n'kulowetsa chitsulo chachitali pansi pa tayala, kulitukula, kuti aone ball joint, mfundo yolumikiza gudumu ku mkono wake. Zimenezo zinali bwino. Ndinafunsa ngati ndi kiti imene yapha rack end. "Ayi bwana, inali itayamba kale kutha. Kungoti poyamba inkagwira ntchito itagona, pano yaweramira pansi ndipo tayala lalemera, ndiye kufooka kwake kwaonekera." Tinasintha ma rack end onse awiri pamodzi ndi ma tie rod end, mitu yakunja yolumikiza ndodozo ku matayala. Apa ndiyenera kunena mosapsatira: kuika galimoto pa makina a alayimenti pamene china chake chikugwedera ndi kutaya ndalama, chifukwa manambala amene makina akuwerenga asintha galimoto ikangotsika pamenepo.

Tili pansi pomwepo, anandionetsa bushi ya mkono wapansi wa tayala. Labala yake inali yopotoka, ndi ming'alu yatsopano yozungulira chitsulo cha pakati, yakuda bii mkati pamene kunja kunali fumbi lofiira. Bushi yotere imagwira ntchito popotoka, siizungulira. Ukamanga bawuti yake galimoto ili m'mwamba, matayala akulendewera, ndiye poitsitsa labala imakhala yopotoka usana ndi usiku mpaka kung'ambika. Mabawuti a mabushi amamangidwa komaliza galimoto itaima ndi kulemera kwake pa matayala. Zimenezi zimakhudzanso mabushi a masipuling'i a kumbuyo.

Kenako tepi. Pamalo osalala tinayeza kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa bodi, mbali zonse zinayi. Kuyeza kuchokera pansi kumanamiza chifukwa tayala lenilenilo lasintha. Kutsogolo kunakwera pafupifupi mamilimita 50 monga mwa lonjezo, koma kumbuyo kunakwera pafupifupi 75, popeza masipuling'i amene ndinasankha ndi onyamula katundu ndipo galimoto inali yopanda kanthu. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma kumakhudza chiwongolero. Pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo a Hilux imeneyi pali mamilimita 3,085, ndiye kumbuyo kukakwera mamilimita 54 kuposa kutsogolo, galimoto yonse imawerama ndi digiri imodzi, ndipo digiri imeneyo imachoka pa caster. Kwa ine, mamilimita 25 aja anandidyera pafupifupi theka la digiri.

Caster ndiye mutu wa nkhani yonseyi, ndipo ndi imene anthu ambiri opanga alayimenti saikhudza n'komwe. Taonani foloko ya njinga ya kabaza. Siima chilili, imapendekera kumbuyo, ndipo n'chifukwa chake mnyamata amatha kusiya mahandulo njinga n'kumapitabe molunjika. Mutaiwongola foloko ija kuti iime chilili, njinga ingamapepeluke ndipo simungaisiye ngakhale pang'ono. Tayala la kutsogolo la galimoto limakhota pa mzere wodutsa pa ball joint yapamwamba ndi yapansi, ndipo mzere umenewo unapendekeka chimodzimodzi. Kupendekako ndi kumene kumabweza chiwongolero pakati ndi kuchipatsa kulemera pa liwiro. Hilux za kuyambira 2005 zili ndi mikono iwiri pa tayala lililonse la kutsogolo, wapamwamba ndi wapansi, ndipo ukakweza galimoto mikonoyo imaweramira pansi. Ikatero caster imachepa, camber imasintha, ndiye kuti tayala silikuimanso chilili ukaliyang'ana kutsogolo, ndipo toe, kuloza kwa matayala mkati kapena kunja ukawayang'ana kuchokera pamwamba, nayo imachoka m'malo.

Pa makina zinaoneka poyera. Toe inali bwinobwino, kusonyeza kuti anthu aja anapotokola ma tie rod basi n'kuitcha alayimenti. Caster inali pansi pa digiri imodzi mbali zonse, ndipo mbali ziwirizo sizinkafanana. Galimoto imakokera mbali imene caster yachepa kwambiri.

Hilux imasinthidwa caster ndi camber pa mabawuti awiri a mkono wapansi uliwonse, okhala ndi mawashala a dzenje la pambali, amene amakankha mkono kulowa kapena kutuluka ukawazunguza. Apa ndi pamene ntchito inaima. Awiri anazungulira, awiri anakana. Galimoto yoyenda m'matope ndi kuwoloka timitsinje imalowa madzi pakati pa bawuti ndi kachitsulo ka mkati mwa bushi, dzimbiri n'kuzimata pamodzi. Nati imamasuka bwinobwino, koma ukazunguza bawuti imangopotokola labala, ukasiya n'kubwerera pomwe inali. Tinathira mafuta omasulira dzimbiri, tinamenya ndi hamala, osatheka. Mapeto ake anadula mabawutiwo ndi sowo, mbali zonse za bushi, mosamala kuti asakhudze chasisi. Popeza mabushi anali ong'ambika kale, sitinataye kanthu. Mabawuti atsopano anawapaka girisi woletsa kumatirira asanawalowetse. Ngati mukukonzekera kukweza galimoto yakale, yesani mabawuti anayi amenewa musanagule n'komwe kiti, kuti mudziwiretu mtengo weniweni wa ntchitoyo.

Mabawuti atayamba kuzungulira, tinapeza malire ena. Madalawo akakankhira caster m'mwamba, camber inkachoka pa mlingo. Akakonza camber, caster inkagwanso. Mawashala aja anapangidwira galimoto ya msinkhu wa kufakitale, ndipo ali ndi polekezera. Anandiitana n'kuloza sipuling'i ya kutsogolo: pa koyilo imodzi penti inali itachoka, chitsulo chikuwala, pamalo aakulu ngati chala chachikulu. Pamenepo ndi pamene mkono wapamwamba unkagunda tayala likatsikira m'dzenje, ndipo ball joint yake inali itapendekera mpaka pafupi ndi mapeto a ulendo wake. Ball joint ikathyoka galimoto ikuthamanga, tayala limagona pansi. Sindinafunenso kunyengerera.

Tinaitanitsa mikono yapamwamba yopangidwira galimoto zokwezedwa. Imakhala yopindika kuti ilambalale sipuling'i, imaika ball joint pa ngodya yoyenera, ndiponso imaibwezera kumbuyo pang'ono kuti caster ibwerere. Si galimoto iliyonse ya mamilimita 50 imene imafuna mikono imeneyi. Zina zimakwanira ndi mabawuti apansi okha. Chimene chimagamula ndi manambala a pa makina ndi zipsera za pa sipuling'i, osati zonena za wogulitsa. Yanga inkaifuna. Podikira kuti ifike, galimoto inkayenda maulendo afupiafupi okha, pang'onopang'ono.

Pa alayimenti yomaliza ndinaika matumba angapo kumbuyo, olemera ngati katundu amene ndimayenda naye masiku ambiri, ndi thanki yodzaza, kuti galimoto iyezedwe mmene imakhalira pa msewu. Anayamba ndi caster ndi camber, toe n'kubwera pomaliza, chifukwa ukakhudza ziwiri zoyambazo toe imasuntha. Caster inafika pafupi ndi madigiri 3, kumanzere yochulukirako pang'ono kuti ilimbane ndi kupendeka kwa msewu kuja. Chiwongolero anachiika pakati n'kuchimangirira, kenako n'kuwongola matayala ndi ma tie rod, kuonetsetsa kuti mazinga otsala akufanana mbali zonse. Pali ena amene amazula chiwongolero n'kuchibwezera mowongoka kuti mwini galimoto asangalale. Musalole. Rack, chitsulo chimene chiwongolero chimakankhira kumanja ndi kumanzere, imatsala yopendekera mbali imodzi, galimoto n'kumakhota kwambiri mbali ina kuposa inzake, ndipo kachingwe ka hutala ndi airbag kamene kali kuseri kwa chiwongolero kangathe kuduka. Galimoto zokhala ndi VSC, dongosolo loteteza kuterereka, zimafunanso kuti kompyuta iuzidwe pakati patsopano, apo ayi imatha kugwira mabuleki yokha pakona poganiza kuti mukuterereka. Ndinapempha pepala la manambala, a poyamba ndi a pomaliza, ndipo limakhala m'galimoto.

Titabwerera pa tala, chiwongolero chinali chitalemera ndipo chinkabwerera chokha pakati potuluka pakona. Kupepeluka kunatha. Kudzikhotera kwa pa bampu kunachepa kwambiri koma sikunatheretu, chifukwa ma tie rod akadali oweramira pansi kuposa mmene anapangidwira, ndipo tayala likakwera kapena kutsika amalikoka pang'ono. Pa mamilimita 50 n'zopiririka. Kupitirira pamenepo pa galimoto ya mikono iwiri ngati iyi, ine sindingayerekeze, pokhapokha munthu atakonzeka kusintha zambiri kuposa masipuling'i.

Mnzanga wina wa Land Cruiser 79 anandiuza kuti ndingomanga steering damper, shoko ya pa ndodo za chiwongolero, nkhani ithe. Galimoto yake ndi ya mtundu wina: ili ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, ndipo ikakwezedwa ekiselo yonse imagudubuzika pang'ono n'kutaya caster, imene amaibweza ndi mabushi kapena mapuleti a pa radius arm (mikono yogwira ekiselo ku chasisi), panhard rod (ndodo yopingasa yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali) n'kuisintha kuti ekiselo ibwerere pakati. Kunjenjemera koopsa kumene azungu amati death wobble kumagwira galimoto za ekiselo yolimba zoterezi. Ngakhale kumeneko, damper imangobisa kugwedera, siichiza chimene chakhwepa.

Panatsala tina ndi tina. Matayala atsopano ndi a mamilimita pafupifupi 803 kutalika pamene akale anali 776, choncho sipidomita imaonetsa liwiro lochepa ndi 3 peresenti: ikamati 100, ndili pa 103, ndipo kamera ya apolisi siidziwa za matayala anga. Magetsi a kutsogolo tinawawongolanso chifukwa msinkhu unasintha. Malabala a ma CV joint, mfundo za mashafuti ozunguza matayala a kutsogolo, tsopano amagwira ntchito atapindika kwambiri, ndiye ndimawayang'ana nthawi iliyonse yosintha oyilo ngati akutaya girisi. Amene galimoto zawo zili ndi valavu ya mabuleki a kumbuyo yoyeza katundu, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, aikonzenso, chifukwa galimoto ikakwera valavuyo imaona ngati mulibe katundu n'kuchepetsa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo.

Masipuling'i atsopano amakhazikika akayenda ndi katundu, ndipo ma U-bolt amakhwepa. Akakhwepa, ekiselo ya kumbuyo imatha kusuntha mbali imodzi, galimoto n'kumayenda chammbali, chiwongolero n'kupendekeranso ngati vuto lili kutsogolo. Nditatha maulendo oyamba a soya ndinabwerera kwa madala aja. Manati a ma U-bolt onse analola kumangidwanso, kumbuyo kunali kutatsika pang'ono, ndipo pa makina toe yokha ndi imene inafuna kukhudzidwa.