Galimoto yofiira yabwera kopanda moto

Loweruka, mwezi wa Juni, kuno ku Joni.

Kunacha ndi chisanu choopsa. Madzi amene ndinasiya m'chidebe panja ndinawapeza atauma pamwamba, ndinachita kuswa ndi kapu kuti ndisukusule. Anzanga a kumudzi mukamva tikudandaula mumati tikukokomeza, koma Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene yalekezera nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika mpaka pafupi ndi madigiri 0. Tsono taganizani munthu wagona mu mkhukhu, kanyumba ka malata kopanda siling'i. Aliyense amagona ndi moto wake pambali: wina mbaula, wina sitovu ya palafini, wina hita yolumikiza ku magetsi okoka mwakuba. Nyengo ya moto ndi ino, ndipo ndi nthawi yomweyi imene ozimitsa moto a mzinda amayenda m'makomboni kuphunzitsa anthu.

Cha m'ma 9 koloko galimoto yawo inalowa pabwalo pamene anyamata amasewera mpira. Inalowa mwakachetechete, osaliza sayirini. Ana anathamangirako onse. Akuluakulu a kuno nawo anabwera atafunda mabulangete. Koma Amalawi anzanga, zii! Mlamu wanga, amene mphindi zochepa zapitazo ankatsuka mano pakhomo, anali atalowa kale m'nyumba n'kukhoma. Sindikumuseka. Munthu amene pepala lake linatha kalekale sasiyanitsa yunifolomu, akangoona nsapato zakuda ndi baji mtima umakwera. A komiti ya komboni yathu anali atandipempha kale kuti ndidzathandize kumasulira popeza Chizulu ndimachimva, ndiye ntchito yanga yoyamba inali yogogoda zitseko.

"Alamu, tulukani. Si a Home Affairs awa, ndi ozimitsa moto."

"Nanga moto uli kuti?"

"Kulibe. N'chifukwa chake abwera."

Anatuluka, koma anakaima kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi kanjira kothawira.

Amene ankatsogolera anali mayi wamfupi, wamawu akulu. Sanayambe ndi zolankhula zambiri. Anaika poto wa mafuta ophikira pa sitovu pakati pa bwalo, natiuza kuti tisunthire kutali. Mafuta anatentha, anayamba kufuka utsi wobiriwira, kenako anayaka okha. Anatifunsa kuti zitachitika m'nyumba tingatani. Tonse tinayankhira pamodzi kuti madzi. Mnzake wina, atavala zovala zonse mpaka kumaso, anamangirira kakapu ku ndodo yaitali n'kuthira madziwo mu poto. Abale inu, lawi linabuka kupitirira msinkhu wa galimoto ija, kutentha kwake tinakumva kumaso tili patali. Amayi ena anakuwa, ana anagwa chagada. Madzi amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka ponseponse. Mu mkhukhu, denga lili pamutu pomwepa, makatoni ali m'makoma, ndiye kuti nyumba yapita. Atayatsanso kachiwiri, mayi uja anangotenga chivundikiro n'kuchitsetsereka pamwamba pa poto, nazimitsa sitovu. Moto unafa pomwepo. Palibe anafunika kumasuliridwa zimenezo.

Zina zinali zoti tinazimvapo. Kandulo uzidula pakati, uike mchenga m'botolo lagalasi lokamwa kwakukulu, kanduloyo uimike mumchengamo, kuti ikagwa igwere m'botolo momwemo. Chidebe cha mchenga chizikhala pakhomo, chifukwa moto wa palafini suzimitsidwa ndi madzi. Zovala zikagwira moto usathamange, gona pansi ugubuduzike. M'nyumba mukadzaza utsi kwawa, mpweya wabwino umatsalira pansi.

Pa mbaula m'pamene anachedwapo, ndipo anachita bwino. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka, sununkha. Munthu umangomva mutu, kenako tulo tokoma, osadzukanso. Chaka chilichonse timamva za anthu opezeka atafa m'mawa chitseko chili chokhoma, thupi lopanda bala. Kumudzi uthenga ukafika amayamba kuloza azakhali kapena mnzake amene ankalimbirana naye ntchito, pamene wapha munthu ndi mbaula. Mayi uja anati othani, koma musanagone itulutseni panja. Ndinamasulira kawiri, kachiwiriko ndikuyang'ana anyamata a kwathu amene amagona asanu m'chipinda chimodzi.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kupsa. Iwo akuti pamene wapsa uthirepo madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20, basi, kenako uphimbe ndi kansalu koyera n'kupita kuchipatala. Mayi wina wa ku Mangochi, amene amagulitsa mandasi pa siteji ya matakisi, anakana kwamtuwagalu.

"Achimwene, auzeni kuti ine ndalera ana ndi Colgate. Mwana akapsa ndimapaka, amapola."

Ndinawauza. Wozimitsa motoyo anaseka, nati bala lapola lokha, mankhwala otsukira manowo angowonjezera ntchito kwa anamwino amene amayenera kuwapala asanatsuke bala. Dzira, mafuta ophikira, sopo, zonsezo ayi. Mayi aja sanagonje, anangoti "chabwino" wa pakamwa. Koma pa za palafini anakhala chete, chifukwa tonse timamusunga m'mabotolo a zakumwa, ndipo mwana waludzu saona kusiyana kwake ndi madzi. Akamwa, usamusanzitse ndipo usamupatse mkaka, chifukwa posanza palafiniyo amalowa m'mapapo. Uthamange naye kuchipatala. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti mkaka ndiwo mankhwala a poizoni aliyense.

Kenako anaimirira madala ena a konkuno, ndodo m'manja, n'kunena zimene aliyense anali nazo kukhosi: mumabwera ndi galimoto yonyezimira lero kulibe moto, koma tsiku la moto mumafika pali phulusa. Anthu anaombera m'manja. Nkhani ya kuchepa kwa galimoto zozimitsira moto mu mzinda uno, umene uli ndi masiteshoni pafupifupi 30, yakhala ikulembedwa m'nyuzipepala kwa zaka, ndipo mayi uja sanaikane. Anangoti tiyeni tiyende.

Tinalowa nawo m'kanjira kopita kumunsi kumene ndimakhala. Pena anatambasula manja, zala zinakhudza malata mbali zonse ziwiri. Nyumba zathu zinathithikana ngati usipa pa thandala. Pamwamba mawaya a magetsi alukanalukana, ena akulendewera pofika pamutu. Anafunsa kuti galimoto ija idutsa pati. Palibe anayankha. Anafotokoza kuti madzi amene galimoto imanyamula amatha m'mphindi zochepa mapaipi akatsegulidwa, ndiye chimene amadalira ndi mpopi wawo wa m'mbali mwa msewu. Tinapita kukauona. Tinaupeza utazunguliridwa ndi makireti a sipaza, kagolosale ka m'komboni, pamwamba pake ataikapo thabwa lokhalira, ndipo pakamwa pake panaphwanyika chifukwa anyamata otsuka magalimoto amatsegula ndi sipanala. Madala aja anauyang'ana, anayang'ana mwini sipaza, sananenenso kanthu.

Anatiuzanso chinthu chimene sindinachiganizepo: kuno kulibe manambala a nyumba omveka. Munthu akaimba 112 pa foni ya m'manja, kapena 10177, n'kungoti "kwathu kukupsa", dalaivala alowera kuti? Utchule msewu waukulu, utchule sukulu kapena tchalitchi chodziwika, ndipo wina athamangire kumsewu akawadikire. Apa m'pamene ndinafunsa funso limene alamu anandinong'oneza, loti munthu wopanda mapepala akaimba samugwira? Mayi uja anandiyang'ana nati iwo amafunsa kumene kuli moto ndi ngati muli anthu mkati, za pasipoti si ntchito yawo.

Funso limenelo si lachibwana. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, inapsa usiku n'kupha anthu 76, ana 12 ali momwemo. Pakati pa omwalirawo panali Amalawi, ndipo sabata imeneyo mafoni athu sankapuma, abale kumudzi akufunsa ngati tamuona uje. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi, pambuyo pake inakhala malo osungirako amayi ndi ana ozunzidwa, kenako inalandidwa ndi anthu amene ankadula zipinda ndi matabwa n'kumalipiritsa lendi. Njira zothawira zinali zotsekeka, mageti okhoma. Anthu anafera pa geti, ena anadumpha pa mawindo. Komishoni yotsogoleredwa ndi a Sisi Khampepe, amene anali woweruza ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo ili ndi gawo pa mlanduwu chifukwa inkadziwa mmene nyumbayo inalili koma sinatsate malamulo ake omwe. Zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti anthu okhala m'malo otere ndi ife, ndipo ndife omwe timathawa amene abwera kudzatiuza kuti geti lokhoma lidzatipha.

Masana anatiitana kuti tipite ndi ana ku siteshoni. Masiteshoni ena kuno ali ndi malo ophunzitsirako anthu otchedwa BESAFE, kumene ana a sukulu ndi a kireshi amapitako. Ine ndinkafuna kuona kuti anthu amenewa amatani tsiku lonse kukakhala kulibe moto, chifukwa kunena zoona ndinkaganiza kuti amangosewera makadi.

Tinapeza wina akutsuka mapaipi aatali n'kuwayanika, wina akuwapinda mosamala kuti pokoka asakodane. Mnyamata wina anali ndi pepala, akutsegula kabati iliyonse ya galimoto n'kumachonga: nkhwangwa, makwerero, zingwe, chimkasi chachikulu chodulira zitsulo za galimoto ikachita ngozi. Akuti gulu lililonse likamalowa ntchito limayamba ndi zimenezi, ngakhale amene akuweruka atanena kuti zonse zili bwino. Masilinda amene amabereka kumsana amaona geji yake mmodzimmodzi. Muli mpweya wamba wopanikizidwa, ndipo munthu akamagwira ntchito yolemetsa mu utsi umamutha pa theka la ola kapena kucheperapo.

Pambali pa galimoto panali nsapato zitandandalikidwa, iliyonse thalauza lake litakwinyiridwa kale pamwamba pake, kuti mwini wake angopondamo n'kukoka malamba. Anandiveka jekete, chipewa ndi silinda. Zonse pamodzi zimapitirira makilogalamu 20. Ndinayenda pang'ono pabwalo pomwepo, thukuta kamukamu m'chisanu chonsechi, ana akundiseka. Anthu amakwera nazo masitepe a nyumba zosanja zimenezi. Mu Seputembala 2018 nyumba ya Bank of Lisbon pakati pa tauni, mmene munali maofesi a boma la chigawo cha Gauteng, inayaka, ndipo ozimitsa moto atatu anafera pomwepo, mmodzi atagwa kuchokera pa nsanjika ya 23. Madzi m'nyumbamo analibe mphamvu. Nyumbayo anaigwetsa mu 2019. Amene anandiveka jekete anaitchula nkhaniyi mwachidule n'kusintha nkhani, inenso sindinafunse zambiri.

Moto ndi gawo chabe la ntchito yawo. Ngozi za pamsewu ndi iwo. Nyengo ino udzu wauma, moto wa tchire m'mbali mwa misewu ndi iwo. Dzinja likafika amasanduka osaka anthu m'madzi. Mu Disembala 2022 madzi osefukira mu mtsinje wa Jukskei anakokolola anthu amene ankachita mapemphero a ubatizo, osachepera 14 anamwalira, ndipo amene anayenda masiku m'matope kufunafuna mitembo ndi anthu a nthambi yomweyi. A Robert Mulaudzi, wolankhulira nthambiyi amene timamuona pa TV, chaka ndi chaka amachenjeza mipingo za mitsinje. Anzanga a mipingo yobatiza kumtsinje, mwamva.

Kukhitchini kwawo wina anali atangophula papa, nsima ya kuno, ndi nyama, mbale zili pa tebulo, pamene belu linalira. Sindinaone wina akuthamanga mwachisokonezo kapena kukuwa. Anangosiya masipuni, kuponda m'nsapato zija, kukwera. Ndisanamalize kusonkhanitsa ana kuti apatuke, geti linali lotsegula, galimoto ili pamsewu. Amene anatsala anati ndi ngozi ya takisi. Anavundikira mbale zija ndi mbale zinzake n'kupitiriza kuonetsa ana mmene amakwawira pansi pa utsi.

Pobwerera ndinkaganiza kuti maphunziro ngabwino, koma sachotsa umphawi. Sitovu ya palafini yozima yokha ikagwa ilipo m'masitolo, koma yotchipa ndi ija yodontha, ndipo munthu amene akutumiza ndalama ya feteleza kumudzi agula yotchipayo. Kanjira sikangakule popanda kugwetsa chipinda cha wina. Ndi chimodzimodzi ku Ndirande kapena ku Mtandire, ndi m'misika yathu imene imapsa usiku. Komabe mchenga ngwaulere, kutulutsa mbaula n'kwaulere, ndipo mphindi zoyamba za moto zili m'manja mwa anthu oyandikana nawo, galimoto ikhalepo kapena isakhalepo.

Madzulo ano takangana ndi landilodi. Pa yadi pathu pali zipinda zambiri koma geti ndi limodzi, amalikhoma 10 koloko ndipo kiyi amagona naye iye. Ndinamuuza kuti tidulitse makiyi, chipinda chilichonse chikhale ndi wake. Akuti akuba. Alamu, amene m'mawa ankabisala, ndi amene anakweza mawu kuposa tonse, mpaka anamutchulira Usindiso. Tamaliza pogwirizana kuti kiyi wina azikhala pa msomali mkati, pamene dzanja la munthu wa kunja silingafike. Landilodi akuti tiyese mwezi umodzi.

Za mpopi uja, komiti ikumana mawa anthu akaweruka kutchalitchi. Mwini sipaza wanena kale kuti makireti achotsa pokhapokha anyamata otsuka magalimoto atauzidwanso, ndipo anyamatawo ndi ana a wachiwiri kwa wapampando.