Dzino loikirira likayamba kugwedera, kayang'anitseni kasikuluwu msanga

Munthu akaikitsa dzino la implant ku Blantyre kapena kunja kwa dziko n'kubwerera kuno ku Chikwawa kapena ku Nsanje, amaona ngati nkhani yatha. Pakapita chaka kapena ziwiri, tsiku lina akutafuna nyama ya mbuzi amangomva dzino lija likugwedera, mtima n'kugunda poganiza kuti chitsulo chazuka m'fupa. Kawirikawiri chitsulocho chimakhala chili nganganga. Chakhwefuka ndi kasikuluwu kam'kati.

Dzino lotere lili ndi zigawo zinayi. M'fupa la nsagwada mumalowa implant yeniyeniyo, chitsulo cha titanium cha mazinga, chonenepa mamilimita 3 mpaka 5. Pamwamba pake pamakhala kachitsa kotchedwa abutment, ndipo pa kachitsako pamavekedwa crown, dzino looneka lija, lopangidwa ndi zirconia (chinthu choyera cholimba kwambiri) kapena chitsulo chokutidwa ndi porcelain (dothi loyera lowotcha, longa la makapu a tiyi). Chomangirira kachitsa ku implant ndi kasikuluwu konenepa mamilimita 2 okha kapena kucheperapo. Fupa likagwira bwino titanium silimutaya wamba. Pofooka ndi pamfundo pamene kachitsa kamakumana ndi implant.

Dokotala wofufuza Per-Ingvar Brånemark ataika ma implant ake oyamba mwa munthu ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, mu 1965, cholinga chinali kuthandiza anthu amene mano onse anatha. Pamutu pa implant ya mtundu wake pali kachotupa ka mbali 6, kotalika mamilimita 0.7 basi, komwe amati external hex. Ma implant angapo akalumikizidwa pamodzi n'kusenza mano a nsagwada yonse, kachotupako kamakwanira. Koma pa dzino limodzi loima lokha, kachitsa kamangokhala pamwamba ngati chipewa, ndiye mphamvu iliyonse yokankha cham'mbali imathera pa kasikuluwu. Apa m'pamene kukhwefuka kumachuluka.

Opanga atazindikira zimenezi analowetsa mfundoyo m'kati. Pa internal hex, mwendo wa kachitsa umamira m'dzenje la implant, ndipo makoma a implant amathandiza kusenza katundu. Wina ndi mtundu wa conical, ndipo amene analowetsapo khasu pa mpini aumvetsa msanga: msuka wa khasu umasongoka, ukamaumenya umanka nulowa n'kumagwira kolimba. Kachitsa ka conical kamasongokanso choncho. Mwa makampani opanga ma implant, a Straumann anagwiritsa ntchito kupendekeka kwa madigiri 8, a Astra Tech madigiri 11, pomwe a Bicon anafika pa madigiri 1.5, mpaka kachitsa kawo amangokakhomera popanda sikuluwu n'komwe. Zitsulo ziwirizo zikakanikizana chonchi, kampata kobisalamo majeremusi kamachepanso, zomwe zimathandiza nkhama ndi fupa lozungulira.

Ine ndimaona kuti pa dzino limodzi la kumbuyo, conical ndiye woyenera kusankha. Komabe ali ndi pake pofooka. Dzenje lam'kati limachepetsa makoma, choncho implant yoonda, yosafika mamilimita 3.5, ikaikidwa pa dzino lotafunira imatha kung'aluka pakhosi, ndipo imeneyo siikonzeka, amangoichotsa.

Tsopano za kumanga. Sikuluwu ikamangidwa bwino imatamuka pang'ono ngati sipuling'i, ndipo kutamukako ndi komwe kumakanikiza kachitsa pa implant. Ikamangidwa moperewera imakhwefuka. Ikapyola muyeso imapunduka kapena kuduka. N'chifukwa chake dokotala sayenera kudalira zala. Pali kasipanala koyeza mphamvu, torque wrench, ndipo makampani ambiri amalamula pakati pa 25 ndi 35 Ncm (muyeso wa mphamvu yomangira sikuluwu), malinga ndi mtundu wa sikuluwu. Akamanga adikire mphindi pafupifupi 10 n'kumanganso, pakuti timizere tosaoneka ndi maso ta pa mazinga timaphwanyika, zitsulo n'kukhazikika, mphamvu ina n'kutayika. Sikuluwu yomwe yakhala ikugwedera kwa masabata isabwezedwemo. Ifunika yatsopano, ya kampani yomweyo, osati yongofanana nayo.

Dzino lobadwa nalo lili ndi timinofu tolimangirira ku fupa, ndipo mukaluma limamira pang'ono, mwina ma micron 25 mpaka 100 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi). Implant ilibe timinofu timeneti, imangosuntha ma micron 3 mpaka 5, komanso siikuchenjezani msanga mukaluma mwala mumpunga. Choncho crown iyenera kupalidwa kuti mukaluma mopepuka izingokhudza pang'ono, mano enawo ayambe ndiwo kulandira katundu. Kuno kwathu mayeso aakulu ndi nzimbe. Kusenda nzimbe ndi mano n'kukoka cham'mbali, mphamvu imene mfundo ya implant imadana nayo kwambiri. Sendani ndi mpeni, dulani timapisi, tafunirani mbali inayo. Nthangala za masau ndi za malambe, chimanga chokazinga, kutsegula botolo ndi mano, zonsezi zimathetsa sikuluwu ndi kubenthula porcelain. Amene amakukuta mano kutulo apangitse chovala cha pulasitiki choveka pa mano usiku.

Crown ena amamatidwa pa kachitsa ndi simenti, ena amamangidwa ndi sikuluwu kudzera pakabowo ka pamwamba. Kabowoko amakatseka ndi tepi ya Teflon, yofanana ndi ija ya okonza mipope, kenako composite, phala loyera lomatira mano obooka. Kwa munthu wa ku Bangula kapena ku Marka, amene ulendo wa ku Blantyre umamudyera tsiku ndi ndalama, wa sikuluwu ndiye wabwino: dokotala amatsegula kabowo, n'kumanga, n'kutseka tsiku lomwelo. Pa wa simenti, kasikuluwu ka kachitsa kakakhwefuka, nthawi zina pamafunika kuboola crown mongoyerekeza kapena kumuswa. Komanso simenti yotsalira pansi pa nkhama imasunga majeremusi, nkhama n'kutupa, fupa n'kumadyeka mwakachetechete.

Dzino likayamba kugwedera, siyani kutafunira mbali imeneyo ndipo pitani m'masiku ochepa. Musalimate ndi super glue. Sikuluwu yokhwefuka imapindikapindika nthawi iliyonse mukaluma mpaka kuduka ngati waya, ndipo kuchotsa chidutswa chotsalira m'kati n'kovuta. Mazinga a implant akawonongeka pochotsapo, mwina implant yonse yatayika. Ngati kugwederako kukubwera ndi ululu, mafinya kapena fungo, mwina vuto lili m'fupa, ndipo pafunika X-ray. Osuta fodya ndi odwala shuga wosalongosoka ndiwo amakumana nazo kwambiri zimenezi.

Musachoke kwa dokotala wokuikani dzino popanda kapepala kolemba dzina la kampani, mtundu wa mfundo, kunenepa ndi kutalika kwa implant, ndi muyeso wa Ncm. Masikuludiraiva amasiyana: wa Nobel Biocare amatchedwa Unigrip, wa Straumann SCS, ndipo wina salowa pa mnzake. Kapepalako kajambuleni pa foni, kenako kasungeni m'pulasitiki pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, pamalo okwera pomwe madzi osefukira safika.