Sabata yozizira ku Florida Lake

Lolemba ndinadzuka 5 koloko kunja kudakali bii. Mwezi wa Julayi kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 7, ndipo ikamadutsa hafu 5 madzulo limakhala likulowa. Kutayera, udzu wa m'mbali mwa Florida Lake unali mbuu ndi chisanu ngati wina wawazapo ufa woyera.

Ndine caretaker wa nyumba ina ya zipinda 24 kuno ku Florida, mbali ya Roodepoort, ku Joni. Pafupifupi theka la okhalamo ndi akwathu: a ku Mangochi, Salima, Nkhata Bay, ndi ine wa ku Nkhotakota. Tonsefe tinakulira m'mbali mwa madzi, n'chifukwa chake dziwe limeneli timangoti kunyanja.

M'mawa umenewo mpopi wa kuseri, kumene amayi amachapira, sunkatulutsa ngakhale dontho. Madzi akaundana amafufuma, ndiye paipi ya kopa imang'ambika usiku koma siidontha mpaka dzuwa litaiomba. Ndinatseka madzi a nyumba yonse n'kudikira. Cha m'ma 9 mng'alu unaoneka, wotalika ngati chala chaching'ono. Ndinadula pamenepo n'kulumikiza. Siponji yokulungira mapaipi ndinaipempha kwa eni nyumba mu Meyi, koma inafika tsiku lomwelo masana, paipi itang'ambika kale ndipo ana atapita kusukulu osasamba. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa chisanu cha ku Joni chimabwera chaka chilichonse nthawi yake yomweyo.

Lachiwiri geyser, thanki yotenthetsera madzi, ya chipinda cha pamwamba inaphulika, malita 150 n'kutsikira m'siling'i. Ndinazimitsa magetsi, kuitana pulamba, tsiku n'kuthera pa mopu ndi ndowa.

Lachitatu ndilo linakoma. Mayi a m'chipinda cha pansi analandira katundu wawo wa pabasi: usipa wouma, mpunga wa Kilombero, ufa wa kondowole ndi tsabola wa kambuzi. Fungo la usipa litangofika pamasitepe, zitseko zinayamba kutseguka. Pakhonde lawo m'pamene timamvera nkhani zonse. Tinamva kuti kwathu mwera wavuta, asodzi akhala masiku angapo osalowa m'madzi, n'chifukwa chake usipa wakwera. Tinamvanso kuti m'chipinda cha kumapeto mwabadwa mwana wamkazi, kuti agogo a pamwamba chifuwa chawabwerera, ndiponso kuti anyamata a maganyu a m'magadeni zinthu sizili bwino. Nyengo ino kapinga sakula, mvula kulibe, ndiye bwana amene ankakufuna kawiri pa sabata amakuuza kuti ubwere kamodzi pa masabata awiri. Nkhani imeneyi ndinaimva ndi khutu limodzi, manja ali pa thumba la usipa. Ndikanaimvetsetsa.

Kuseri kwa garaja kuli kachipinda kamene mukukhala mnyamata wa ku Mangochi, wobwera mu Epulo. Tsiku lililonse amatuluka 6 koloko, ndipo podutsa amati, "Mwadzuka bwanji amalume?" Lachinayi sanadutse. Hafu 6 itakwana ndinapita kukagogoda. Zii. Kunsi kwa chitseko kunkaoneka thaulo lotsekera mphepo, ndipo njerwa yamabowo yolowetsa mpweya inali yodzaza ndi nyuzipepala. Mtima unandigunda. Ndinathamangira makiyi.

M'katimo munali mofunda, mopanda utsi ngakhale pang'ono. Pafupi ndi matiresi panali mbaula ya chitini cha penti chobowolabowola, phulusa likadali lotentha. Mnyamatayo anali atasanza, maso ali mwatheka, ndipo nditamuitana anangobuula. Ndinamugwira m'khwapa n'kumukokera panja pa simenti yozizira, ndikukuwa kuti wina aimbe 112, nambala ya zangozi. Mayi a usipa aja anatulukira ndi mabulangete awiri, chitenje chili m'manja, n'kumufunditsa uku akumusisita mapazi. "Mwanawe, yankha, usatichite zimenezi kudziko la eni." A ambulansi atafika anamuika oxygen pamphuno n'kupita naye.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Sununkha, suoneka. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu amamva mutu ndi chizungulire, n'kumaganiza kuti ndi tulo. Kwathu mbaula ndi ya pakhonde kapena m'khitchini momwe mphepo imadutsa, ndipo kuzizira kwa m'mbali mwa nyanja, ngakhale mwera utaomba, juzi imodzi imakwana. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yaikulu, pomwe Joni ili pamwamba pa mamita 1,700. Kuno kuzizira kumalowa m'mafupa. Pa 10 Julayi 2023 ndinaona ndi maso anga chipale chofewa chikugwa pabwalo lomweli.

Sindingamunene mnyamatayu kuti ndi wosasamala. Mayunitsi a magetsi anali atamuthera, hita imadya mayunitsi ngati njovu, ganyu kulibe. Anachita zimene aliyense wozizidwa angachite. Olakwa ndife amene tinabwera kale. Mlendo akafika timamulangiza za mapepala, za matakisi, za misewu yoti asayendemo usiku, koma za mbaula sitinena.

Choncho Lachisanu ndinasiya zina zonse n'kuyenda khomo ndi khomo, makwerero ali paphewa. Ndinapeza mbaula zina zitatu, hita ya palafini itayandikana ndi katani, ndi njerwa zamabowo zotsekedwa pafupifupi m'chipinda chilichonse. Ndinachotsa mapepala onsewo ndi waya. Bambo wina anandiimira pakhomo, nkhope ili gwa. "Achimwene, mukandilanda mbaula ana angawa agona bwanji?" Funso lawo linali loona, ndipo sindinawayankhe mwachangu. Tinakhala pansi. Tinagwirizana kuti mbaula izikhala panja, aziwiritsirapo madzi othira m'mabotolo oika m'mabulangete, pansi ayale makatoni kunsi kwa matiresi, ndipo ana onse azigona pamodzi. Madzulo amayi anayendetsa mbale, aliyense n'kuponyamo zomwe anali nazo. Zinakwana mabulangete anayi ndi mayunitsi a zipinda ziwiri. Anzathu a ku Zimbabwe ndi Mozambique a m'nyumba momwemo anaponyanso.

Loweruka anamutulutsa m'chipatala. Anali wofooka, mutu ukumuwawabe. Mayi aja anamuphikira nsima ya usipa wotendera, kenako masana dzuwa litafunda tinayenda naye pang'onopang'ono mpaka kunyanja. Tinakhala pabenchi kuonerera atsekwe ndi abambo awiri akuwedza ndi mbedza. Malume ake enieni anaimba kuchokera ku Mangochi, ndipo anapempha kuti ayankhule nane. Sanathe kunena zambiri, mawu ankawatsamwa. Pobwerera ndinamuuza mnyamatayo kuti mpaka Ogasiti atatha, ganyu ilipo kapena palibe, azigogoda pawindo langa 6 koloko.

Lamulungu kudakali mdima ndinamva kugogoda katatu. "Mwadzuka bwanji amalume?" Ndinamutsegulira, tiyi anali atapsa kale.