Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Kuchoka pa malungo a ana kupita ku ubongo wa okalamba

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinayamba ntchito mu labotale ya kafukufuku wa malungo ku Queens, ku Blantyre, ndikuwerenga tizilombo pa timagalasi ta magazi. Anzanga amene tinaphunzira limodzi amandifunsabe kuti munthu wa malungo ndinakapezeka bwanji ku Scotland ndikufufuza matenda oiwala a anthu okalamba. Kwa iwo zikuoneka ngati ndinasiya ntchito ina n'kuyamba ina, koma ineyo ndimaona kuti ndinangopitiriza kulondola mtsempha wa magazi womwe ndinaupeza ku wodi ya ana.

Mwana wa malungo a muubongo amabwera atakomoka, nthawi zambiri akukomokakomoka ngati wakhunyu. Anamwino amamupima ndi Blantyre Coma Score, njira imene a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa mu 1989: amaona maso ngati akutsata, amamva kulira kwake, amamutsina kuti aone ngati akankha dzanja. Mapointi ake ndi 0 mpaka 5, ndipo mwana akapeza 2 kapena kutsika apo ndiye kuti ali chikomokere. Chimene chinandigwira mtima nditayamba kuona minofu ya ubongo pa maikulosikopu n'chakuti kachilombo ka malungo kotchedwa falciparum sikalowa n'komwe mu ubongo weniweniwo. Kamakhala m'selo lofiira la magazi, n'kutulutsa puloteni yotchedwa PfEMP1 pakhungu la selolo, kuti limate ku khoma la mtsempha lisakafike ku kapamba komwe likanaphwanyidwa. Timitsempha timadzadza ndi maselo omatirirawo, khoma limapsa mtima, chitetezo cha m'thupi chimathamangirako, magazi amaundana apo ndi apo. Mwana akufa, koma mdani ali kunja kwa mpanda.

Kafukufuku wopima matupi a ana omwalira, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anasonyeza kuti mwa ana 31 omwe madokotala ankati afa ndi malungo a muubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa mwana adakali moyo chinali diso. Kuseri kwa diso kuli timitsempha tofanana ndi ta muubongo, ndipo a Susan Lewallen anali ataonetsa kale kuti mwa ana a malungo enieni a muubongo mumaoneka madontho a magazi ndi malo oyererako. Kuchokera pamenepo ndinayamba kuwerenga chilichonse chokhudza mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo. Nkhani yake ndi yakale: Paul Ehrlich mu 1885 anabaya nyama utoto, ziwalo zina zonse zinasintha mtundu kupatula ubongo, ndipo wophunzira wake Edwin Goldmann mu 1913 atathira utotowo m'madzi a mumsana, ubongo wokha ndi umene unada. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi koma umatenga pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni, ndipo susunga chakudya cha mawa. Timitsempha take tikatilumikiza akuti tingapitirire makilomita 600, ulendo wa basi wochoka ku Blantyre mpaka cha ku Mzuzu uli m'mutu mwa munthu mmodzi.

Ndinafika ku Edinburgh kukachita PhD chakumapeto kwa 2012. Za kuzizira ndi mdima wa 4 koloko masana sindinena zambiri, aliyense amene anapitako ananena kale. Chimene ndinapeza kumeneko n'chakuti anthu ofufuza matenda oiwala a Alzheimer anali ndi nkhope zakugwa. Kuyambira 1992, pamene John Hardy ndi Gerald Higgins analemba kuti gwero la matendawa ndi puloteni ya amyloid yowunjikana mu ubongo, ndalama zambiri zinkapita kumeneko. Chaka chomwe ndinafikacho mankhwala awiri akuluakulu ochotsa amyloid, bapineuzumab ndi solanezumab, anali atangolephera pa mayeso omaliza. M'misonkhano anthu ankakangana ngati mankhwalawo anaperekedwa mochedwa kapena ngati ganizo lonselo linali lopotoka. Ine ndinkakhala kumbuyo, ndikudabwa kuti bwanji mitsempha akuitchula mongodutsa.

Mwayi wanga unali wakuti Edinburgh ndi kwawo kwa anthu a mitsempha. A Joanna Wardlaw anali atatha zaka akujambula ubongo wa anthu a sitiroko yaing'ono pa MRI, ndipo ankalimbikira kunena kuti mabala oyera amene amaoneka mkatikati mwa ubongo wa okalamba sabwera chifukwa chotsekeka kwa mitsempha kokha. Khoma lake limayamba kudontha, madzi ndi mapuloteni a m'magazi n'kulowa kosayenera. Nditamva zimenezo koyamba ndinadziwa kuti ndafika pamalo pake. Kwa mwana wa ku Ndirande zimachitika m'masiku owerengeka, kwa gogo wa ku Leith mu Edinburgh zimatenga zaka makumi awiri, koma khoma lovutikalo ndi limodzimodzi.

Ntchito yanga inali pa mbewa. (Amalume atamva anandiimbira foni kufunsa ngati tikamaliza timaziwamba. Ndinawauza kuti mbewa za kuno zili ndi mafayilo, dokotala wake ndiponso lamulo la 1986 loziteteza, anaseka mpaka foni kuduka.) Tinkagwiritsa ntchito njira imene ofufuza a ku Kyoto anafalitsa mu 2004: mbewa imagonetsedwa, ndipo pa mitsempha iwiri ikuluikulu ya m'khosi timakulungapo kawaya kopota kamene m'kati mwake ndi mamilimita 0.18. Magazi opita ku ubongo amachepa koma osaduka, moti mbewa imadzuka, imadya, imathamanga bwinobwino. Pakatha mwezi, ulusi woyera wolumikiza zigawo za ubongo umakhala utayamba kusasuka, ndipo mbewayo ikaikidwa m'njira zosokoneza imabwerera komwe yatenga kale chakudya. Kukulunga kawayako kumafuna dzanja losanjenjemera, ndipo apa zaka zopaka magazi pa galasi zinandipindulira.

Zimene ndinkawerenga pa maikulosikopu zinali microglia, maselo a chitetezo okhala mu ubongo momwemo. Akakhala pamtendere amakhala ndi nthambi zazitali zopyapyala. Akakwiya amafupika n'kunenepa, ndipo mu mbewa zathu ankachulukana pomwe ulusi woyera ukuwonongeka. Funso linali lakuti kodi abwera kudzakonza kapena ndi iwo akuwononga. Kumayambiriro kwa 2013 magulu awiri, lina la ku Iceland lina lotsogozedwa ku London, anafalitsa kuti kusintha kwa jini (kachidutswa ka chibadwa) ya TREM2 kumachulukitsa pafupifupi katatu chiopsezo cha Alzheimer, ndipo mu ubongo jiniyo imagwira ntchito makamaka mu microglia. Anthu amene dzulo lake ankati kutupa kobwera ndi maselo a chitetezowa ndi utsi chabe wa moto wa amyloid anayamba kugogoda pakhomo pathu. Panalinso ntchito ya a Clive Holmes ku Southampton ya mu 2009: mwa odwala Alzheimer 300 amene anawatsata kwa miyezi 6, omwe anadwalapo matenda ena monga a pachifuwa kapena a mkodzo nzeru zawo zinkatsika mofulumira kawiri. Ndinkaganiza za agogo athu, amene thupi lawo lalimbana ndi malungo, TB ndi zina zotero moyo wawo wonse.

Mu 2015 uthenga unachokera kwathu. Makina a MRI amene anafika ku Queens mu 2008 anathandiza a Karl Seydel ndi anzawo kujambula ana 168. Mwa 25 amene anamwalira, 84 peresenti ubongo wawo unali utatupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 peresenti. Ndinaimata nkhaniyo pakhoma pamwamba pa tebulo langa, aliyense wofunsa ndikumuuza kuti uku ndi kwathu.

Chimene chinkandiwawa ndi china. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu ku Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa, ndipo BP ndi imene imawononga timitsempha ta ubongo kuposa china chilichonse chimene tingathe kuchiletsa. Gogo akayamba kusochera usiku n'kupezeka pakhomo pa eni mbandakucha, kumudzi salankhula za mitsempha, amati wagwa pa ndege ya ufiti. Ine ndili kutali ndikupota waya pa khosi la mbewa. Sindinganame kuti zimenezi zinkandikhalira bwino, ngakhale ndinkakhulupirira, ndipo ndikukhulupirirabe, kuti makina opimira BP ndi mapiritsi otchipa pa chipatala chaching'ono angateteze anthu ambiri kwathu kuposa mankhwala aliwonse a amyloid.

Chaka chachitatu chili mkati, ondiyang'anira anavomera ganizo limene ndinkawatopetsa nalo: kutenga mbewa za kawaya zija n'kuzipatsanso kutupa koyambira m'thupi, tione ngati khoma la mtsempha lingadonthe msanga. Zinafunika kusintha chilolezo cha boma, kenako kupempha ndalama, ndipo pempho loyamba linakanidwa ndi bungwe lina limene sindilitchula. Mmene ndalamazo zinapezekera, ndi mmene ndinabwererera ku Blantyre ndi makina opimira BP m'chikwama, ndidzafotokoza m'gawo 7.