Tsiku limene tayala langa linandipitirira

Pikapu ija ndinaigula madzulo, dzuwa litapendeka, ndipo kuiyendera kwanga konse sikunakwane mphindi 10. Ndinaizungulira kawiri manja ali kumbuyo, ndinamenya tayala lililonse ndi nsapato monga ndinkaonera odziwa magalimoto akuchitira, ngakhale kuti mpaka lero sindidziwa chimene iwo amamva akamenya choncho, kenako ndinatsegula boneti ndi kuyang'anitsitsa injini ngati munthu amene akuwerenga kalata. Kunsi ndinangosuzumirako osagwada, chifukwa ndinali nditavala buluku loyera, ndipo ndinaona chesisi yonse, chimango chachitsulo chimene chimanyamula galimoto, ili yakuda bii, yonyezimira. Wogulitsayo anandiuza kuti anali atangoipaka mankhwala oteteza ku dzimbiri sabata yomweyo. Ine ndinamuthokoza kwambiri chifukwa chosamala galimoto imene anali pafupi kusiyana nayo.

Patapita masabata atatu, ndikutsetsereka pa kamtunda kena, galimoto inagwa m'dzenje la pamsewu ndipo kumbuyo kunamveka chiphokoso. Posakhalitsa ndinaona tayala likugubuduzika lokha pambali panga, linandipitirira mwaulemu, n'kukagwera m'ngalande. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo njira yonse ndinkadzudzula mumtima anthu osasamala amene amayendetsa magalimoto osawayang'ana kunsi. Nditafika kunyumba ndinafotokoza nkhaniyo patebulo, manja akuthandiza pakamwa. Mayi a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa modekha kuti, "Nanga abambo, panali galimoto ina pamsewupo?"

Panalibe. Nditawerama kumbuyo kwa pikapu, pamalo pamene tayala la sipeya limapachikidwa panali tcheni chokha chikulendewera, ndipo chitsulo chopingasa chimene chinkanyamula zonsezo chinali chitathyoka ngati nthambi youma.

Makaniko amene ndinapitako anali munthu wachikulire wosakonda kulankhula zambiri. Anakweza galimoto ndi jeke, koma sanalole kuti wina alowe kunsi asanaikhazike pa zitsulo zochirikiza, chifukwa jeke payokha imatha kugwa nthawi iliyonse. Atatero anandipatsa hamala yaing'ono ndi tochi, nati, "Lowani nokha achimwene, kuti mawa musadzanene kuti ndine ndinaiboola." Anandiuza kuti ndizigogoda chesisi kuyambira kutsogolo, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu ndipo hamala imabwerera yokha, pamene chitsulo chodyeka chimangoti phu ngati wamenya thumba la mchenga. Kutsogolo, pafupi ndi injini, chesisi inalira bwino kwambiri, ndipo ndinayamba kudzitama. Makaniko anandikumbutsa kuti kumeneko kumadontha oyilo, ndipo oyilo amatchinga madzi, kotero kuti chimene chinapulumutsa mbali imeneyo ndi vuto lina limene tidzakambirane tsiku lina.

Pamene ndinkasunthira kumbuyo nyimbo inasintha. Pafupi ndi pomwe masipuling'i amamangiriridwa, pamwamba pa thanki ya mafuta, ndiponso pa zitsulo zopingasa pomwe matope amakhalira osauma, hamala iliyonse inkagwetsa zibenthu zakuda kunja koma zofiira mkati. Makaniko, atakhala pa chitini panja, anandifotokozera kuti dzimbiri silifanana. Pali lapamwamba, limene limangosintha mtundu wa chitsulo ndipo limachoka ndi bulashi ya waya. Pali lina lofufuma ndi kusendeka mosanjikizana, chifukwa dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo pamenepo munthu ayenera kupala kaye kuti aone chimene chatsala. Lachitatu ndi limene laboola kale. Kuti ndidziwe kuti langa ndi liti, anandiponyera sukuludiraiva yaitali, nati ndikankhe mwamphamvu pamalo pamene panalira moipa.

Ndinakankha ndi mphamvu zonse, poganiza kuti chitsulo chindibwezera. Sukuludiraiva inalowa yonse, chigwiriro chomwe, ndipo ndinaimva ikugwera mkati. Mbali imeneyo ya chesisi ndi yotsekeka ngati bokosi lalitali, ndipo mabokosi oterewa amayamba kudyeka mkati, makamaka timabowo totulukira madzi tikatsekeka ndi matope. Ndinayesa kuikoka ndi zala koma inali itatsetserekera kutali. "Isiyeni, tidzaitulutsa podula," anatero makaniko.

Sanathere pomwepo. Anatenga maginito n'kumawayendetsa m'mbali mwa chesisi, ndipo pamalo ena osalala bwino maginitowo anagwa pansi. Pamenepo panalibe chitsulo konse, koma fila, phala lija amamatira mabodi a magalimoto, ndipo pamwamba pake anapoperapo utoto wakuda wokhuthala umene ine ndinathokozera. Utoto woterewu ukapakidwa pa chitsulo choyera umathandiza, koma ukapakidwa pamwamba pa dzimbiri umatsekera chinyezi mkati, ndipo dzimbiri limadya mwamtendere popanda woliona. Dzimbiri silifuna zambiri, limangofuna chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo mchere, kaya wa kunyanja yamchere kaya umene amathira m'misewu ya m'mayiko ozizira kuti chipale chisungunuke, umalifulumizitsa kwambiri. "Chikomekome cha mkuyu," anatero makaniko, ndipo sanavutike n'kumaliza mwambiwo. Pofuna kunditonthoza anandiuza kuti vutoli limagwera ngakhale opanga magalimoto otchuka, popeza mu 2016 kampani ya Toyota inavomera ku America kuyang'ananso chesisi za magalimoto pafupifupi 1.5 miliyoni a Tacoma, Tundra ndi Sequoia, ndi kusintha zimene zinali zitadyeka. Yanga sinali ya mtundu umenewo, ndipo panalibe kampani yodzandipepesa, choncho chitonthozocho sichinandifike pamtima.

Chigamulo chinali chakuti malo awiri akumbuyo ndi chitsulo chopingasa chija ziyenera kudulidwa ndi kuwotchereredwa, koma kwina konse dzimbiri linali loti likhoza kupalidwa. Ntchito yopalayo ndinati ndigwira ndekha. Apa ndipo pamene ndinadzionetsa.

Loweruka m'mawa ndinagona chagada kunsi kwa galimoto ndi gilayinda yokhala ndi bulashi ya waya. Magalasi oteteza maso ndinali nawo, koma anali pamphumi, ndipo chotchinga pamphuno ndinachisiya m'thumba chifukwa chinkandimvetsa kutentha. Ndili ndi chizolowezi chotsegula pakamwa ndikamagwira ntchito yofuna chidwi, ndipo m'mphindi yoyamba yomwe ndinadziwa kukoma kwa galimoto yanga. Nditatsokomola mokwanira ndinavala zonse bwinobwino, koma tsitsi ndi ndevu, zomwe zili ndi imvi zambiri, zinali zitafiira kale. Ndinapala mpaka masana, mosamala kuti ndisakhudze mapaipi a mabuleki ndi a mafuta amene amadutsa m'mbali mwa chesisi, kenako ndinatsuka girisi ndi fumbi n'kudikira kuti paume.

Chotsatira chinali mankhwala osandutsa dzimbiri. Ena amapangidwa ndi asidi wa phosphoric, ena ndi wa tannic, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa dzimbiri lochepa lotsalira kukhala khungu lakuda lolimba limene penti amatha kugwirapo. Sabwezeretsa chitsulo chimene chatha, ndipo pa zibenthu zosapalidwa sathandiza chilichonse. Anga anali a tannic, ooneka ngati mkaka, ndipo ndinawapaka ndili chigonere kunsi komweko, burashi yodzaza, mankhwala akudonthera pa ine. Chimene sindinkadziwa n'chakuti asidi ameneyu akakumana ndi chitsulo amapanga utoto wofanana ndi inki yakuda imene anthu a ku Ulaya analembera kwa zaka mazana ambiri, ndipo mankhwalawo sasankha kuti dzimbiri lili pa chesisi kapena pa munthu. Pamene ndinkatuluka, zikhadabo ndi zikhatho zinali zakuda, malaya anali ndi madontho ngati nkhanga yotembenuzidwa, ndipo ndevu zinali zitada mbali imodzi yokha. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Abambo, mbali ya kumanzereyi mwabwerera unyamata. Kodi mankhwalawo atsalako kuti timalize mbali inayo?"

Sopo sanathandize, ndipo Lolemba ndinapita kuntchito ndevu nditameta, manja ali m'thumba.

Tsiku lowotcherera ndinangokhala woonerera, ndipo ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ntchito ndi ine. Anamasula batire, anatsitsa thanki ya mafuta n'kuiika kutali ndi moto, anadula chesisi mopitirira pomwe dzimbiri linkaonekera mpaka anafika pa chitsulo chonyezimira, ndipo zigamba zake anazidula pa chitsulo chokhuthala mofanana ndi chakalecho, cha mamilimita atatu. Anandifotokozera kuti kuwotcherera chigamba pamwamba pa chitsulo chodyeka kuli ngati kusokerera nsalu yatsopano pa sanza. Zitazizira tinapaka penti woyambirira, ija amati pulaima, kenako penti wakuda kawiri, tinatsegula timabowo tonse totulukira madzi, ndipo mkati mwa mabokosi tinapoperamo mankhwala a phula ndi oyilo kudzera pa kapaipi kakatali, ntchito imene anati ndiziibwereza chaka ndi chaka. Pomaliza anandipatsanso hamala ija, ndipo chesisi inalira ngati belu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Ndinatuluka pagalajapo ndili wosangalala, tayala la sipeya limene ndinakalitola m'ngalande litabwerera pamalo pake. Pa dzenje loyamba ndinamva kanthu kakuti kwee, kenako gwa, pansi pa bokosi la kumbuyo. Nditaponda buleki kanathamangira kutsogolo, nditanyamuka kanabwerera kumbuyo. Ndinaimika galimoto thukuta lili kamukamu, ndinalowa kunsi ndi tochi, koma zonse zinali zolimba. Ndinaimbira foni makaniko n'kumufotokozera phokosolo mwatsatanetsatane. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Achimwene, sukuludiraiva yanga ija munandibwezera?"