Minibasi ya m'mamawa ku Ndirande

Ndikakwera minibasi ya 5 koloko m'mawa ku Ndirande, ambiri timadzazanamo ndi amayi. Wina wanyamula beseni la mandasi otentha, walivundikira ndi chitenje. Wina wavala yunifolomu, namwino wa ku Queens. Ambiri ndi antchito a m'nyumba. Amatsikira m'tauni n'kuyenda wapansi mpaka ku Namiwawa kapena Sunnyside, kukachapa ndi kulera ana a eni ake, awo atawasiyira agogo.

Achemwali anga amagulitsa kaunjika ku Limbe. Belo likatsegulidwa amayamba apatula zabwinozabwino za makasitomala awo, zotsalazo n'kuziunjika pa saka, kenako n'kumakuwa mtengo mpaka mawu kusasa. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera m'mabelo amenewo, n'chifukwa chake munthu akamati amayi a geni "sali pa ntchito" ndimangomuyang'ana.

Atsikana omaliza Fomu 4 masiku ano ali m'tizikiyosiki ta Airtel Money ndi Mpamba. Koma amene sandichoka m'maganizo ndi amayi ophwanya miyala m'mphepete mwa phiri la Soche: hamala m'manja, mwana kumsana, akudikira lole yoti idzagule mulu wawo.